Dzanja la pa Mphindi ya 43

Kantemba kanga, kashopu kakang'ono, kali pafupi ndi msika wa Matero, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa makala. Ndine Emelda, ndipo ntchito yanga ndi kuthira mafilimu m'mafulashi ndi m'mafoni a anthu. Mafilimu ambiri amene ndimagulitsa sindinawaonerepo, chifukwa ine filimu ikangoyamba tulo timandigwira. Wondionerera anali ba Dyton.

Ba Dyton anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete ali achinyamata, nalembedwa ntchito m'nyumba ina yoonetsa mafilimu m'tauni. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anagwira tochi, kulondolera anthu pa mipando mumdima. Filimu imodzi ankaionera katatu pa tsiku, sabata yonse, ataimirira kumbuyo. Munthu woonera choncho nkhani imamuthera tsiku loyamba lomwe, masiku otsalawo amangoona zolakwika. Ankadziwa pamene mtembo wapuma, pamene malaya a munthu asintha mtundu iye asanatuluke m'chipinda. Nyumba ija itasanduka tchalitchi, anakhala alonda pa fakitale ina mpaka mawondo anakana. Ntchito zonse zinatha, koma diso lija anatsala nalo.

Akazi awo, ba Eneless, anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwawo munkalankhula wailesi yokha. Tsiku lililonse, teni koloko m'mawa, ankafika pa kantemba atavala jekete labulauni, ngakhale mu Okutobala momwe, n'kukhala pa kireti ya mabotolo patsogolo pa kompyuta yanga yakale. Ndinkawaikira filimu yatsopano. Ikatha ankapereka chigamulo, ine n'kulemba ndi choko pa bolodi panja. Zigamulo zawo zinali zitatu basi: Onelani, Ngati mulibe vochita, ndi Kagoneni. Anthu ankalikhulupirira bolodi lija kuposa mwini kantembane. Munthu ankafika n'kufunsa, "Badala bakamba chani pa iyi?"

Kunena zoona, ba Dyton anali munthu wotopetsa. Tiyi wanga sanakhalepo bwino: dzulo shuga wachuluka, lero wachepa. Chilembo changa pa bolodi chinali chopendama. Masiku ena ndinkafuna kuwalanda kireti ija n'kuwauza kuti akapeze mzawo wa nsolo ngati madala ena. Koma ikakwana faifi koloko, ine ndikutseka, ankachedwa kumanga zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale. Ndikaona zimenezo mkwiyo unkandithera.

Mwana anali naye mmodzi, Edmond. Nkhani yake ndinaimva kwa mayi wa makala, kenako kwa iwo eni. Patapita chaka ba Eneless atamwalira, banja linakaika mwala pa manda. Edmond anabwereka kamera najambula mwambo wonse, natha masabata awiri akulumikiza zithunzizo. Tsiku loonetsa, abale anadzaza pabalaza mpaka ena anaima pazenera. Amayi analira, amuna anayang'ana pansi. Filimuyo itatha, onse anacheukira kwa atate ake.

"Abusa wawadula mutu," anatero ba Dyton. "Ndiye dzuwa siliyenela kukhala kumbuyo kwa anthu. Nyimbo nayo yakwilila mau."

Edmond anazula mawaya, nawakulunga bwinobwino, natuluka. Sanabwerenso. Sanapite kutali ayi, amakhala ku Chawama. Maminibasi awiri basi, umodzi wopita m'tauni, wina wa ku Chawama. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake sapita kukamuona.

"Nyumba aidziwa," anayankha. "Sin'nasamuke."

Filimu ya zidole inafika mu Juni, pamodzi ndi ena ambiri pa fulashi yochokera m'tauni. Dzina lake Vidole Vauka. Yojambulidwa m'komboni, ndi anthu a m'komboni momwemo, ndipo zinkaoneka. Nkhani yake inali ya mayi wina amene anatola zidole zitatu pa mtaya wa ku Chunga n'kupita nazo kwa mwana wake. Zidolezo zinali ndi mizimu ya ana amene anakanidwa, ndiye zinayamba kupha a m'nyumbamo mmodzimmodzi.

Ba Dyton anasangalala nayo ngati mbuzi yalowa m'dimba. Ine ndinali kuthandiza makasitomala, koma ndinkawamva kumbuyo kwanga akuwerenga zolakwika mokweza.

"Emelda, bwela uone magazi. Ni tomato sosi, na botolo yake ili apo pansi pa mpando!"

Kenako: "Akuti ni pakati pa usiku. Tamvela panja." Ndinamvetsera. Kunja kwa nyumba ya mizimuyo kondakitala anali kuitanira anthu opita m'tauni. Maso a chidole chachikulu anali opakidwa utoto wa zikhadabo, ndipo mayi wophedwa uja anakanda mwendo ali mtembo. Ba Dyton anaseka mpaka kutsokomola. Ndinatenga choko kuti ndilemberetu Kagoneni.

Kuseka kuja kunaduka mwadzidzidzi.

"Bweza," anatero.

Ndinabweza pang'ono. Inali mphindi ya 43. Chidole chinali kuyenda pa tebulo ndi mpeni, ulusi wochikoka ukuonekeratu. Kenako m'munsi mwa chithunzi munalowa dzanja la wokoka ulusiyo. Linakhala masekondi atatu n'kutuluka.

"Bwezanso. Imika apo."

Linali dzanja lamanzere la munthu wamwamuna, ndi chipsera chokhota kuyambira pa chala chachikulu mpaka pa mfundo. Ba Dyton anasendera mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda galasi.

"Malata," ananena osandiyang'ana. "Mphepo inasasula denga, iye anali na zaka naini. Ninamubeleka kumsana mpaka ku kiliniki. Sanalile." Ndinazindikira kuti akunena za mwana wawo. "Akali kusewenzetsa lamanzele. Ninamumenya kangati kuti aleke."

Tinadikira maina a kumapeto. Dzina la Edmond linatuluka katatu: wolemba, wojambula, wotsogolera. Pansi pake panali nambala ya foni ya ofuna kujambulitsa ukwati. Nkhope yake munalibe m'filimu yonseyo. Pa zaka zisanu ndi chimodzi, chimene bambo anaona cha mwana wake chinali dzanja limenelo.

Sabata yonse bolodi linakhala lopanda kanthu. Makasitomala ankafunsa za filimu ya zidole, ine n'kumati badala akali kuganiza. Iwo ankafika teni koloko monga mwa masiku onse, koma filimu yatsopano sankaifuna. Ankangoti, "Ika pa 43." Ndikaimika, ankakhala pamenepo, tiyi n'kuzizira osamupezera chifukwa. Zimenezi zinandiopsa kuposa zidole zija.

Lachisanu ndinalephera kupirira. "Batate, namba ili apa. Foni nili nayo. Mutumileni mau chabe."

Anakana kawiri. Kachitatu anafunsa, "Nizakamba chani?"

"Vamene vili mumtima."

Anaganiza nthawi yaitali, kenako anayeserera pamaso panga. Anati adzamuuza kuti aona dzanja lake, kuti chipsera chinapola bwino, kuti mtengo wa mapeyala umene amayi ake anabzala wayamba kubereka ndipo palibe wowadya. Anati adzamaliza ndi kuti, bwela pa Sande. Mau abwino, ine misozi inalengeza. Ndinadina pojambula mau, chala osachotsapo, n'kuwaikira foni pakamwa.

Ba Dyton anakonza jekete. Anakhosomola pang'ono. Nkhope yawo inasintha, inakhala ija ya pa bolodi.

"Edmond, ni ine atate ako. Filimu yako naiona. Choyamba, botolo ya tomato sosi ioneka. Chachiwili, mau a kondakitala amveka."

Anafika mpaka chachisanu ndi chiwiri. Ndinkawagwedezera mutu, ndinkawaponda phazi, iwo ali pa mzere ngati sitima. "Chothela, pa 43 dzanja lioneka." Apa ndinati mumtima tsopano anena za mapeyala. "Wojambula wabwino sasiya dzanja m'chithunzi. Ni vamenevo."

Chala changa chinachoka pa foni ndi mkwiyo, ndipo uthenga unapita. Cholakwa chimenecho ndi changa, ndimachidziwa. Ndisanaganize zoufafaniza, foni inaonetsa kuti wamvedwa kale.

"Batate, nanga mapeyala? Nanga Sande?"

"Azamvetsa," anatero, akuyang'ana nsapato zawo. "Aziwa kuti sininganene vonse vija ngati sin'naionele bwino."

Lamulungu limenelo sanapite kutchalitchi, kuopa kuti mwana angapeze pakhomo potseka. Mayi wa makala amakhala moyang'anana nawo, ndiye anandiuza zonse. Anasesa bwalo, natulutsa mipando iwiri, nathyola mapeyala n'kuwaika m'mbale. Anakhala pamenepo atavala jekete mpaka dzuwa linapendeka, kenako analowetsa mipando. Lamulungu lachiwiri anachita chimodzimodzi. Lamulungu lachitatu anatulutsa mpando umodzi.

Yankho linafika Lachiwiri m'mawa, pa foni yanga. Inali filimu, ndi mau ochepa olembedwa: "Ba sisi, uzani badala kuti takonza. Yakale muichotse." Panalibe moni kwa atate ake, panalibe za Sande. Ndinawerenga katatu kufunafuna mau amene ndingawonjezere powauza, koma ba Dyton si munthu womunamiza. Ndinawapatsa foni kuti awerenge okha.

"Ika," anatero.

Tsiku limenelo ndinakhala nawo n'kuonera, ndipo tulo sitinabwere. Mwanayo anagwira ntchito, zimenezo sindingamumane. Botolo lija panalibe. Kondakitala anamuchotsa n'kuikapo mphepo yolira. Mayi wakufa anagona ngati wakufadi. Pa cholakwika chilichonse chokonzedwa ba Dyton ankagwedeza mutu pang'ono, ndipo ndinaona kuti akuwerenga pa zala. Pamene zala zinakwana zisanu ndi chimodzi, anasiya kugwedeza mutu.

Mphindi ya 43 inafika. Chidole chinayenda pa tebulo ndi mpeni wake, chokha. Chithunzi anachidula m'munsi, ulusi anaufafaniza. Kunena zoona chinkaopsa, ine thupi linachita tsembwe.

"Bweza."

Ndinabweza. Chidole chinayendanso chokha.

Anaonera mpaka maina anatha ndipo galasi linada. Panja wometa anali kukangana ndi kasitomala za ndevu.

"Wamvela," anatero potsiriza. "Vonse seveni wakonza. Kuyambila ali mwana, aka ni koyamba kunimvela."

Anaimirira movutikira, natenga choko m'dzanja langa, natuluka. Anali asanalembepo pa bolodi lija ndi kale lomwe. Analemba pang'onopang'ono, zilembo zowongoka ngati za mphunzitsi: Vidole Vauka. Onelani. Anabwerera n'kukhala pa kireti, akupukuta choko pa thalauza.

"Emelda, mwana wanga. Yakale ija unaichotsa?"

"Ayi, batate. Ilipo."

"Usaipatse munthu. Ili na volakwika." Anayang'ana kompyuta. "Koma usaichotse."

Filimu yokonzedwayo inayenda bwino. Inafika ku makomboni a George ndi Kanyama, ndipo ndamva kuti ana a ku Chawama masiku ano akumaopa zidole za pa salaula, msika wa kaunjika. Edmond sanaimbe foni. Kawiri konse ndawauza ba Dyton kuti tijambule mau ena, a mapeyala aja. Amayang'ana foni, n'kukonza jekete, kenako amati mawa. Ndikuganiza kuti akuopa pakamwa pawo pomwe, ndipo ndikawaganizira bwino sindiwadzudzula. Ndimawakwiyira onse awiri, bambo ndi mwana yemwe, komanso ndimadzikwiyira ndekha ndi chala changa chija.

Pa bolodi sipanalembedwenso china. Mvula yoyamba inafafaniza theka la zilembo, ine n'kubwerezamo ndi dzanja langa lopendama, iwo osanenapo kanthu. Makasitomala anazolowera kusankha okha.

Koma teni koloko ikakwana amafika, jekete lomwe lija. Ndimawathirira tiyi, amamwa mmene alili. Ndimatsegula yakale ija, ya tomato sosi ndi kondakitala, imene timaionera awiri tokha.

"Ika pa 43," amatero. "Imika apo."

Ndimaimika, n'kutembenukira kwa makasitomala anga. Kumbuyo sindicheuka.