Mawaya a Mayi Dorika ku Mabalani a ku Chulu

Mayi Dorika sanaphunzire zamagetsi kusukulu. Anaziphunzira atagwirira makwerero kuti amuna awo a Raymond asagwe, uku akuwapatsira pulayasi ndi tepi. A Raymond ankaika magetsi m'nyumba ndi m'masitolo pa boma la Kasungu, ndipo sankatha kugwira ntchito mwakachetechete. Waya aliyense ankamufotokoza mokweza, kaya pali womvera kaya palibe. Mayi Dorika ankamvera.

Zinali zaka zija anthu ankaswera pamzere ndi makuponi a feteleza. Esiteti ina ya ku Chulu, yolima fodya woumitsa ndi moto, inagula zipangizo zatsopano. Balani lililonse, nyumba youmitsiramo fodya ija, linayenera kukhala ndi kabokosi koyeza kutentha kotchedwa themositati. Kutentha kukapyola muyezo, kabokosiko kankayatsa fani ndi kutsegula zenera lapamwamba, kukatsika kankatseka. Timabokosi tonse tinayenera kulumikizidwa ku bokosi lalikulu mu ofesi, kuti kapitawo aziona mabalani onse ali pampando. Ntchitoyo inagwera a Raymond, ndipo anaiuza aliyense, ngakhale ogulitsa tomato.

Atatsala pang'ono kuyamba, m'mawa wina kapu ya tiyi inawapulumuka. Inali sitiroko. Anatuluka m'chipatala mkono wamanja uli lende, mawu akutuluka amodziamodzi.

Achimwene awo a Raymond, a Amosi, anabwera kuchokera ku Lukwa.

"Alamu, tauni ilibe chisoni," anatero. "Tiyeni kumudzi. Munda ulipo, kuponi mukalandira, odwalawa tikasamalira limodzi."

Mayi Dorika anayang'ana amuna awo. A Raymond sanali kuyang'ana munthu, maso anali pa bokosi lawo la zida limene linali pakona.

"Zikomo alamu," anayankha mayiwo. "Koma tiyambe takafika ku Chulu."

Anapita pa njinga za kabaza, a Raymond atamangiriridwa ndi chitenje kwa wopalasa. Kapitawo wa esiteti, a Mphepo, anapukusa mutu atawaona.

"Amayi, ife tinapangana ndi abambowa, osati inu."

"Ndi omwewa ndabwera nawo. Mutu ndi wawo, manja ndi anga."

A Mphepo anakanda m'mutu. Fodya anali atayamba kupsa m'munda, wamagetsi wina panalibe pafupi, choncho anavomera monyinyirika.

Mayi Dorika ankakwera makwerero atavala thalauza la amuna awo mkati mwa chitenje. A Raymond ankakhala pampando pakhomo la balani n'kumaloza ndi dzanja lamanzere. Osonkhezera moto ankaimirira kuonerera, ena akuseka. Chovuta kwenikweni sanali mawaya ayi, koma mawu. A Raymond ankadziwa chimene akufuna kunena, koma liwu linkakana kutuluka, mpaka ankaponya chipewa pansi misozi ili lengelenge. Akazi awo ankatsika, n'kutola chipewacho, n'kudikira.

Akumalizitsa balani loyamba, a Raymond anayamba kukuwa. "Paipi! Paipi!"

Mayi Dorika anaganiza kuti akunena paipi ya pulasitiki yolowetsamo waya, ndipo anaionetsa m'mwamba kuti yaikidwa kale. Bamboyo anapukusa mutu mpaka kutopa. Iwo ankanena chipaipi chachitsulo chodutsa moto, chimene waya anali atachiyandikira kwambiri.

Moto utayatsidwa, zinayenda bwino poyamba. Mawa lake masana waya anasungunuka, fani inaima, zenera linakhala chitsekere. Mmene osonkhezera moto ankamva fungo, fodya wa m'mizere yapansi anali atada ngati makala.

A Mphepo anawakalipira mayiwo, antchito onse akumva. Mayi Dorika anakakhala kuseri kwa balani n'kulira, osati chifukwa cha kapitawoyo, koma poganiza kuti amuna awo anaona vutolo likubwera, iwo osawamva.

Posakhalitsa anamva kukhwekhwereza kwa phazi. A Raymond anafika atatsamira khoma, nakhala pansi movutikira, natola kamtengo. Ndi dzanja lamanzere anajambula padothi balani, chipaipi chamoto, ndi mzere wa waya ukuzungulira kunja kwa khoma n'kulowera pamwamba. Anajambulanso mabalani enawo, mzere umodzi ukuwalumikiza mpaka ku ofesi.

"Bambo a kunyumba, bwanji sitinayambe chonchi?" anafunsa mayiwo akupukuta m'maso.

A Raymond anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Chidwalireni anali asanasekepo.

Mayi Dorika anakaitana a Mphepo kuti adzaone chojambulacho. Kapitawoyo anachiyang'ana nthawi yaitali, manja ali m'chiuno.

"Konzani balani limeneli," anatero. "Likayenda, mupitirize enawo."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankayamba asesa pabwalo. Bambo ajambule, mayi afunse, bambo afufute ndi phazi n'kujambulanso. Osonkhezera moto analeka kuseka, ena anayamba kumachenjeza anzawo kuti asaponde pamene pajambulidwa. Tsiku limene manambala a mabalani onse anaoneka pa bokosi la mu ofesi, antchito awiri ananyamula a Raymond ndi mpando womwe kuti akaone okha.

Mbiri inamveka. Mayi Dorika anaitanidwa ku makola a nkhuku ku Lisasadzi, kenako ku nyumba yosungiramo mbewu pa boma. A Raymond anawaperekeza kwa zaka zingapo, mpaka miyendo itakaniratu. Anamwalira nthawi ya dzinja, ndipo esiteti ija inatumiza thirakitala yodzaza nkhuni kumaliro ku Lukwa.

Atamaliza kulira maliro, uthenga unabwera kuti makoswe adula waya pa balani lina ku Chulu. A Amosi ananyamula bokosi la zida mpaka pamsewu, naimitsa wakabaza, nauza mlamu wawo kuti akafika aimbe foni.