Mwana Atamwa Palafini

Chaka chimene mafuta anasowa, mwana wanga wachisamba anali atangoyamba kuyenda. Tinkakhala kwa Mavwere. Palafini wa koloboyi tinkagula kwa anthu obwera naye mobisa kuchokera ku Zambia, ndipo wathu ndinkasunga m'botolo la zakumwa, kuseri kwa mtsuko.

Tsiku lina masana ndikupeta chimanga pabwalo, ndinamva mwana akutsokomola m'nyumba. Ndinam'peza ali chikhalire, botolo lili pambali, kamalaya katanyowa, mkamwa mukununkha palafini. Ndinakuwa. Apongozi anga aakazi anabwera chothamanga n'kumupisa chala kukhosi kuti asanze. Anasanzadi, koma kupuma kwake kunasintha, kunayamba kulira ngati mluzu.

Amuna anga anali kudimba. Sindinawadikire. Ndinabereka mwana n'kuthamangira kumsewu, kwa bambo wina wachisilamu amene anali ndi sitolo komanso kagalimoto.

"Bambo, ndithandizeni, mwana wamwa palafini. Tiperekezeni kuchipatala ku boma."

Anayang'ana mwanayo, kenaka anatsegula pothirira mafuta n'kupisamo kamtengo. Kanatuluka kouma gwa.

"Mayi, petulo ndilibe ngakhale dontho. Galimotoyi yaima pano chikololereni."

Pakhonde panali chigubu cha palafini. Ndinachiloza. "Nanga uyu? Si mafuta omwewo?"

"Ndi a mimba imodzi, inde," anatero bambowo. "Kumayiko akutali amapopa mafuta akuda bii pansi pa nthaka n'kuwawiritsa. Woyamba kutuluka ndi petulo, kenaka palafini, kenaka dizilo. Nsenga zotsala pansi ndiye phula la pamsewu. Koma injini iyi palafini siimufuna."

Ataona misozi yanga anathirabe. Anyamata a pasitolopo anakankha galimoto. Inatsokomola, kutulutsa utsi woyera, n'kuzima. Anakankhanso mpaka kumtsetse, osalira. Bambowo anatsika, anavula kachipewa kawo.

Ndinaima m'mbali mwa msewu, mwana akutentha kumsana kwanga. Msewu unali zii. Patapita nthawi inatulukira lole yodzaza ndi amayi ovala nsalu za chipani, akuimba, akupita kumsonkhano. Ndinaimika ndi manja onse awiri. Mayi wina anandiona, anasiya kuimba, koma lole sinaime. Anthu amene anali pasitolo anangowerama. Masiku amenewo zoterezi sitinkaziyankhulira.

Amuna anga anandipeza pomwepo, atabwereka ngolo ya ng'ombe. Ng'ombe sizidziwa changu. Njira yonse ndinkaika khutu pachifuwa cha mwana, iwo akukwapula, ng'ombe zikuyenda mwa masiku onse.

Kuchipatala namwino anafunsa, "Munam'sanzitsa?"

Ndinavomera.

"Mukanam'siya. Palafini akamabwerera amalowa m'mapapo. Mankhwala ochotsera kulibe, mayi. Tim'baya jakisoni, kwinako tidikire."

Tinadikiradi. Ndinkakhala pansi pambali pa bedi, kuyang'ana nthiti zake zikulowa ndi kutuluka. Kuyamwa ankakana. Ndinalibe chochita china koma kumupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

Mulungu anatichitira chifundo, mwana anachira. Koma chifuwa sichinabwerere mwakale. Nyengo yozizira iliyonse ankabanika, ndipo anzake akamathamangitsa mpira iye ankakhala pachulu kuonerera.

Zimene ananena namwino, ine ndi amuna anga tinagwirizana kuti apongozi asazimve. Mpaka kumwalira kwawo ankauza anthu kuti chala chawo ndicho chinapulumutsa mdzukulu, ife n'kumangovomereza.