Amene Anandimanga Pamtengo Ndimamusowabe

Abale anga, zimene ndikuuzeni pano si zakumva ayi, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo ndikanakhala wofuna kupeka nkhani ndikanapeka ina yosandivula chonchi. Mayina sinditchula, chifukwa ena a m'nkhaniyi adakali moyo, pomwe wina sindikudziwa n'komwe ngati alipo.

Zinali zaka zija nkhondo ya ku Mozambiki itafika poipa, anthu akulowa kuno usana ndi usiku, ena kukakhala kumisasa, ena kungosakanikirana nafe m'midzi ndi pa boma. Ine banja langa linali litatha, ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa msika wa Mangochi, n'kumawamba utaka ndi mcheni zogulitsa. Tsiku lina kunabwera mayi wamtali, wa msinkhu wanga, atanyamula kamtolo kamodzi kokha, kudzapempha ganyu yopala nsomba. Chiyawo chake chinali ngati chathu chomwe, kungoti akadabwa ankatulutsa mawu a Chipwitikizi. Nditamufunsa kumene ankagona, anati paliponse pamene dzuwa lamulowera. Ndinamutenga.

Anthu ankati ndapeza mchemwali, ife n'kumavomera. Koma poti ndalonjeza kunena zoona, ife tinkakhala ngati banja. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kukwinya nkhope, komabe mverani kaye mpaka kumapeto, kuweruza muweruze pambuyo. Munthu ameneyu anandikonda mmene sanandikonderepo wina aliyense. Utsi wa nsomba ukandilowa m'maso ankasiya ntchito n'kudzandiuzira, akamandiluka tsitsi ankaimba nyimbo za kwawo chapansipansi, ndipo nditadwala malungo anandibereka kumsana mpaka kuchipatala, ine munthu wamkulu, anthu akutiseka m'njira. Za kwawo sankakamba. Ananena kamodzi kokha kuti mudzi wawo unatenthedwa, ndi kuti mwana wake anamwalira pothawa, n'kumukwirira ndi manja m'mbali mwa njira.

Nsanje inayamba ngati nthabwala. Ndikaseka ndi wogula nsomba, ankafunsa kuti chakomacho n'chiyani. Kenako anayamba kundiletsa kupita kumaukwati ndi kumaliro ndekha, kenako mbama, kenako chikuni. Akatero ankalira kuposa ine, n'kunditenthetsera madzi ondithowa, ine n'kumati ndi nkhondo ija ikumuvutitsa, zidzatha. Nanga ndikanapita kwa yani? Mkazi wapabanja akamenyedwa amathamangira kwa ankhoswe kapena kwa ashehe, koma ine ndikanakanena kuti wandimenya ndani, pa chifukwa chanji? Iyenso ankazidziwa zimenezi, moti ankandikumbutsa kuti ndikangotsegula pakamwa, iye akamutaya kumsasa, ine abale anga andikana, mwinanso tonse tikagona kupolisi.

Ndiye kunabwera amalume anga kudzandiuza kuti dalaivala wina wa lole akufuna kundikwatira. Ine ndinangogwada n'kumamvera monga mwa ulemu, osavomera, osakana, chifukwa amalume sumawayankha pomwepo. Mnzanga uja anali panja akupala nsomba, ndipo anamva zonse. Sanandimenye tsiku limenelo, sanafunse kanthu, anangoti nkhuni zowambira zatha, mawa tilawirire kumapiri a ku Chowe.

Tinawoloka mlatho m'mawa, iye patsogolo ndi chikwanje. Malo amene tinkatola nkhuni masiku onse tinawapitirira, ndipo nditafunsa anati kumtunda kuli zouma bwino. Tinakwera mpaka pamene sipankamveka tambala kapena mawu a munthu. Anasenda luzi, ine n'kumayesa lomangira mitolo, kenako anandiuza kuti nditsamire mtengo andichotse kachilombo m'tsitsi. Ndisanazindikire, manja anga anali kumbuyo kwa mtengo uja, luzi likuluma m'mikono. Mphamvu zimene anali nazo tsiku limenelo sindinazionepo.

Chimene chimandiimitsa tsitsi mpaka lero si luzi lija ayi, koma kufatsa kwake. Anakhala pamwala patsogolo panga, n'kuyamba kunola chikwanje mosapupuluma, akulankhula ndi mawu omwe aja ankandiitanira chakudya. Anati ku nkhondo anaphunzira kuti munthu akatsala m'tchire afisi amamaliza nkhani yonse, ndipo palibe amafunsa. Anati sanandikwiyire. Kenako anandiyang'ana, maso ake ngati akuona munthu wina kumbuyo kwanga, n'kunena kuti, "Onse amene ndinawakonda, anthu anachita kundilanda. Iwe wekha sandilanda munthu."

Ndinalumbira pa Mulungu ndi pa manda a mayi anga kuti dalaivalayo sindikumufuna, koma zinali ngati ndikulankhula ndi mwala umene anakhalirawo. Dzuwa linafika paliwombo, nyerere zikundikwera m'miyendo, ndipo ngakhale ndikanakuwa akanamva ndani? Anaimirira, n'kuyesa kuthwa kwa chikwanje pa chala chake, n'kuyamba kubwera.

Pamenepo kumunsi, kumsewu wopita ku Namwera, kunamveka kuphulika kwakukulu, ndikuganiza kuti linali tayala la lole. Munthu uja anadzigwetsa pansi chafufumimba, manja kumutu, akunjenjemera thupi lonse, akuitana dzina la mwana wake kuti agone pansi. Anakhala choncho nthawi ndithu. Atadzutsa mutu anandiyang'ana ngati wandipeza nditamangidwa ndi munthu wina, anadula luzi lija, n'kugwira mapazi anga akulira ngati wafedwa. Ndipo mukudziwa zimene ndinachita? Ndinamutonthoza ine. Tinatola nkhuni, tinasenza, tinabwerera kunyumba ngati anthu.

Amene anandipulumutsa ndi eni nyumba imene tinkachita lendi, mayi wamasiye wogulitsa mandasi, wosaphonya swala kumzikiti, amene ndinkawaopa kuposa wina aliyense kuti akadziwa za ife atithamangitsa. M'mawa mwake pampopi, ndikukweza ndowa, nsalu inasuntha ndipo anaona mikono yanga. Anandikokera m'khitchini mwawo, ine n'kuyamba kunama kuti ndi luzi la mtolo. Anandidula mawu nati, "Mwanangu, sindikukufunsa kuti awiri inu ndinu ndani. Ndikufunsa za mikono iyi."

Anati khoma la nyumba yawo n'lopyapyala, anadziwa kalekale, ndipo zoweruza anazisiyira Mwini wake, koma maliro m'nyumba yawo satuluka iwo akuona. Ndinawauza zonse. Tsiku lomwelo, mnzanga uja atapita kudoko, anandikweza galimoto kupita kwa mng'ono wawo ku Nkopola, amene ankachapa nsalu pa malo ena ogona alendo, ndipo anandipezera ntchito yomweyo. Mayiwo anawauza amalume kuti ndapeza ntchito, za ukwati zidikire. Mnzangayo sanamuthamangitse, sanamuulule kwa munthu. Anamuuza kuti chipinda ndi nsomba apitirize, koma akangoponda ku Nkopola adzakumana ndi iwo, ndipo ndinamva kuti ankamutenga kukakhala ndi amayi ena ochokera kwawo komweko, kuti azikambirana zimene anaona.

Musaganize kuti ndinasangalala. Ndinkachapa nsalu za alendo misozi ikugwera m'beseni, ndipo kangapo konse ndinamanga katundu kuti ndibwerere, mng'ono wa eni nyumba uja n'kundikhazika pansi, osandikalipira, kungondifunsa ngati tayala lidzaphulikenso ulendo wina. Nthawi zina kunkabwera kamtolo ka mcheni wowamba bwino, wopanda uthenga, ndipo ndinkadziwa dzanja lake pongoona mmene nsombazo anazipindira. Ndinkadya ndikulira, koma sindinapite.

Nkhondo itatha, magalimoto anayamba kutenga anthu kubwerera kwawo. Nditamva kuti nayenso analembetsa, ndinapita ku boma n'kukaima kuseri kwa golosale ina. Ndinamuona ali pamwamba pa lole, wataonda, akuyang'ana nkhope imodziimodzi m'gulu la anthu operekeza, ndipo ndinadziwa amene ankamufuna. Dzanja langa linafuna kukwera lokha, ndinaligwira ndi linzake. Lole inanyamuka iye akuyang'anabe.

Tsopano ndakalamba, ndipo chimene ndimakhulupirira n'chakuti munthu uja ankandikonda zoona, komanso akanandipha zoona, ziwirizi sizitsutsana ayi. Ndimamusowa, sindibisa, ndipo ndikakumana ndi wochokera tsidya lija ndimafuna kufunsa, koma ndifunse kuti ndikufuna ndani wanga? Nkhondo inamuwononga, inde, koma khosi langa silinali mankhwala ake.

Ndiye inu amene muli m'chikondi chobisika ngati chinali changa, musamati poti mnzanuyo ndi mkazi ndiye kuti si nkhanza, dzanja la mkazi limaphanso, ndipo amene akukuopsezani kuti mukanena muyaluka nonse wakumangani kale. Pezani munthu mmodzi woti adziwe, lero, musadikire tsiku lopita kuphiri. Nanunso oyandikana nawo, mukamva kulira kuseri kwa khoma, musayambe ndi kufunsa kuti anthuwo amagona bwanji. Gogodani kaye, mutulutse munthu ali moyo.