Pamene Amayi Amaimitsira Kanema

Amayi a ofesi yoyandikana ndi yanga kukoleji kuno amaphunzitsabe ndi choko, ndipo laputopu amaitcha "mbale yako ija". Nditabwerako kumaiko akunja komwe ndinakhala zaka ndikuphunzira, ndinawakakamiza kuyesa kanema wa pa intaneti wosonyeza mmene kachilombo ka hepisi, koyambitsa zilonda za pamilomo, kamachulukanira. Ndinkafuna aone kuti sindinabwere chimanjamanja.

M'kalasi, kachilomboko katangolowa mu mtsempha, chithunzi chinaima. Ndinathamangira kutsogolo, ndimvekere netiweki yathawa.

"Khala pansi, mwanangu, ndaimitsa ndine."

Anadikira mpaka ophunzira anayamba kuyasamula.

"Kanemayu ndi waphuma ngati mwini wake. Apa kachilombo kamagona zaka, anthu n'kukaiwala. Kenako kamabwerera pomwe kanalowera." Anandiyang'ana. "Ngati anthu ena."

Kanemayo amamugwiritsabe ntchito, ndipo amaimitsa pomwepo.