Tsiku Limene Ananditulutsa Panja Kuti Ndimveke

Ine ndakhala wolengeza pamaliro muno m'komboni ya George kuyambira tsitsi langa lili bii. Ndikatsegula pakamwa, ngakhale makondakitala a minibasi kumsewu amatembenuka. Sukulu ndinangoilawa, koma mawu Mulungu anandipatsa osapima.

Tsono kunabwera mtsikana wa kuyunivesite ndi kamakina kojambulira mawu, kochepa ngati sopo. Anati akufuna anthu amene mabuku anawasiya panja. Atsamunda analemba zawo, mabwana obwera pambuyo analembanso zawo, za ife a m'komboni zii. Ndinakondwa kwambiri. Amuna anzanga amene tinaumba nawo zidina zoyamba kuno, onse ndinawaperekeza kumanda ndi pakamwa pangapa. Ndikapita osanena, adzukulu adzayesa George anachita kugwa kumwamba.

Tinakhala m'nyumba, ine n'kuyamba. Ndisanafike patali, mtsikanayo anavula zam'makutu zake, nkhope itakwinyika.

"Batate, chepetsaniko mawu. Makina yangolira chabe."

Ndinayesa kulankhula chapansipansi, nkhani yonse n'kuthawa m'mutu. Ine sindidziwa kukumbukira monong'ona. Ndinayesanso, osatheka. Nditaona mwanayo akuyamba kukulunga nthambo zake, mtima unandigwa.

Mkazi wanga ndiye anati, "Achoseni panja aba. Olo pamaliro amaimilira patali."

Kamakina mtsikanayo anakaika pawindo, ine anandiimika kutsidya kwa bwalo, pansi pa mgwafa. Pamenepo ndiye munthu ndinamasuka! Ndinafotokoza mmene tinkagwirira ntchito kumafakitale popanda malo ogona ndi banja, mmene tinkasulira migolo kuti ikhale malata, n'kutsendereza denga ndi miyala. Ndinakweza manja. "Nyumba iyi ndinamanga ndi manja awiri awa!"

"Boza!"

Anali mayi wina wamasiye, mkazi wa malemu mnzanga, ali pamzere wa madzi pakiyosiki. Anasiya chigubu chake n'kubwera.

"Bashikulu, manzi yopondela matope anatapa ndani? Si ise bazimai?"

"Na vidina tinanyamula pamutu, imwe muli kunchito!" anatero wina, wogulitsa tomato.

"Nkhani ni yanga iyi!" ndinakuwa.

"Ni yanu, koma mwaiwala pakati," anayankha mkazi wanga ali pakhomo, anthu n'kufa nazo kuseka.

Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Iwo anakumbutsa za mvula imene inasungunula khoma lathu loyamba, ine ndinakumbutsa amene analidzutsanso. Mzere wa madzi wonse unasamukira pabwalo panga.

Pamapeto mtsikanayo anatiyatsira kamakina kaja. Mawu anga anatuluka bwinobwino, okhuta, ngati a munthu wa pawailesi. A azimayi aja nawonso analowa onse, ndi kuseka komwe.

"Batate, ba mami aba nibachosemo?" anandifunsa.

Ndinayang'ana mayi wamasiye uja. Anali atagwira m'chiuno, akundidikira.

"Basiye, mwanawe," ndinatero. "Koma ukalembe kuti anayamba kulankhula ndine."