Tsiku Limene Ndinagulitsa Mlamu Wanga Ngati Bulangete

Mu Cape Town muno, kuyambira ku Dunoon mpaka kumene msewu umathera m'nyanja, palibe munthu amene angandigonjetse pa nkhani yonenerera mtengo. Kafunseni pa renki ya matekisi pamene ndimagulitsa mabulangete ndi zikwama zamizeremizere zija anthu amalongezamo katundu popita kumudzi. Ine ndinanenererapo mtengo wozulira dzino, chitsulo cha dokotala chili kale m'kamwa. Ndinanenererapo tikiti ya basi ya ku Blantyre mpaka wogulitsayo anandipempha kuti ndingokwera, mutu ukumuwawa.

Njira yanga ndi yosavuta. Ukamagula, umayamba wanyoza katunduyo. Akatchula mtengo, umaseka. Akakakamira, umanyamuka n'kumapita pang'onopang'ono, khutu limodzi litatsalira m'mbuyo, podziwa kuti usanafike pakhomo akuitana. Ukamagulitsa umangotembenuza zonsezo: kutamanda, kukweza, kenako pomaliza kuponyapo basela. Maphunziro onse a malonda athera pamenepa. Zinazo n'zongodyera anthu ndalama za fizi.

Mawu amenewa ndinkawanena kawirikawiri m'nyumba mwanga, chifukwa munali munthu wa fizi. Mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, anabwera kuchokera ku Machinga kudzakhala nafe, ndipo kwa zaka ziwiri ankapita ku koleji kukaphunzira dipuloma ya bizinesi. Akaweruka ankayala mabuku patebulo lodyera, ine n'kumasuzumira.

"Lero akuphunzitsani chiyani, abwana?"

"Kalembedwe ka makalata a ku ofesi, alamu."

"Makalata! Kasitomala waima apo, iwe uli pakati pomulembera kalata?"

Tsiku lina amaphunzira kusunga katundu wa m'sitolo kuti asathe mwadzidzidzi, tsiku lina kusiyanitsa phindu ndi ndalama zongodutsa m'manja, tsiku lina kulowetsa manambala m'timabokosi ta pa kompyuta. Panali phunziro la kutsatsa malonda, ngati kuti kukuwa pa renki kumafuna satifiketi. Koma limene linandiseketsa mpaka kutsamwa ndi tiyi linali la mmene ungalankhulire ndi kasitomala wovuta.

"Kasitomala wovuta sumamuphunzira m'buku," ndinatero. "Umangomuyang'ana nsapato."

"Aphunzitsi atapempha chitsanzo ndinafotokoza za inu," anayankha osadzutsa mutu. "Ndinakhoza bwino kwambiri."

Dipuloma inabwera. Tinaijambula, tinatumiza chithunzi kumudzi, achibale analira ndi chimwemwe pa foni. Koma ntchito sinabwere. Miyezi inadutsa iye akutumiza makalata omwe aja ndinkawaseka, yankho osaoneka. Mkazi wanga, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Table View, analeza mtima mpaka unatha. Anamupezera malo kwa anansi a abwana ake: kukolopa, kusita, ndi kuyendetsa galu m'mbali mwa nyanja. Anagwirizana ndi mng'ono wakeyo kuti mwezi umenewo ukatha popanda kanthu, dipuloma ilowa m'sutikesi, iye avala epuloni. Mlamu wanga sanatsutse, koma ndinkamuona akutsuka mbale imodzi kwa nthawi yaitali.

Mwezi uli pafupi kutha, foni inalira. Ankamuitana ku intavyu ya ukalaliki wa pa kauntala, ku holoselo ina ku Brackenfell. Atafotokoza malowo ndinadumpha pampando. Ndi kumene ine ndimapikula mabulangete! Mwini wake ndi mayi wachikulire wa konkuno, wa magalasi olendewera pa kaunyolo, amene dzina langa salidziwa, amangondiitana kuti Malawi.

"Basi, ntchito wapeza," ndinatero. "Ndipita nawe ngati nkhoswe."

"Nkhoswe ku intavyu?" anafunsa mkazi wanga. "Akukakwatiwa kodi?"

"Kwathu nkhani ikakhala yaikulu mwana sapita yekha. Pamafunika wamkulu womulankhulira."

"Inu bambo, mukangopondako, ndiwo zanu sabata yonse ndi bulangete."

"Chabwino, ku intavyu sindipita. Ndingopita kukapikula katundu wanga. Tikangokumana m'tekisi imodzi mwangozi."

M'tekisimo ndinamupatsa maphunziro onse mwachidule, ulere.

"Akatchula malipiro, useke. Useke kwenikweni, ngati wamva nthabwala. Kenako unyamule chikwama."

"Alamu, malipiro a ntchito yoyambira amakhala oikidwa kale."

"Anaika ndi munthu, mlamu. Munthu amachotsanso."

Iye anangoyang'ana pawindo, milomo ikuyenda, akubwereza mayankho ake a ku koleji.

Ofesi ya mayi uja ili pakona, ndipo khoma lake ndi la galasi. Ine ndinaima pamulu wa mabulangete, ndikunamizira kupapasa ulusi, maso ali kugalasi. Ndinaona mlamu wanga atakhala mowongoka, akutulutsa mapepala, akuyankha mafunso. Zinkayenda. Kenako mayiyo ananena kanthu kena kakafupi, ndipo mlamu wanga anagwedeza mutu nthawi yomweyo, akumwetulira.

Kuvomera koyambirira! Osaseka n'komwe! Miyendo inanyamuka yokha, ndinangozindikira ndili m'kati.

"Malawi, ukufuna chiyani muno?" anafunsa mayiyo m'Chingerezi.

"Mama, uyu ndi wanga. Musamutenge motchipa."

Mlamu wanga anatsinzina ngati munthu amene wayamba pemphero lalitali.

Ndiye pakamwa panga panayamba ntchito imene pamaidziwa. "Uyu ndi orijino, mama, osati za feki zija. Sasuluka, satha msanga, nyengo yozizira ikafika ndiye mudzaona ubwino wake. Tangomugwirani nokha muone." Apa ndinakumbukira kuti si bulangete, koma ndinali nditayamba kale kutsetsereka. Ndinatchula malipiro amene ndikukhulupirira kuti ngakhale mwini holoselo sadzilipira.

Mayi uja sanaseke, sanakwiye. Anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Wogulitsa aliyense ali ndi chimene amaopa, ndipo ine ndimaopa munthu wokhala chete. Wondinyoza ndimamuyankha, wondiseka ndimaseka naye, koma wachete amandichititsa kutsitsa mtengo ndekha. Ndinatsitsa pang'ono. Chete. Ndinatsitsanso. Anapumira pa galasi lakumanzere n'kupitiriza kupukuta.

"Chabwino, chifukwa ndinu kasitomala wanga wakale," ndinatero, kuiwala kuti pamalopo kasitomala ndi ine, "Loweruka likhale basela."

"Alamu!"

"Ndipo tiyi azibwera ndi wake."

"Tiyi ndi amene ndimamufunsa pamene umalowa," anatero mayiyo. "Za malipiro tinali tisanafikepo."

Munthu wina akanapepesa pamenepa. Ine ndinali nditatsala ndi chida chimodzi, chija chinali chisanandikhumudwitsepo. Ndinakonza kolala wa jekete.

"Tiye mlamu, tizipita. Kuli ena ku Bellville akukufuna."

Ndinatuluka mu ofesi pang'onopang'ono, khutu lili m'mbuyo. Ndinadutsa mabulangete. Ndinadutsa mapoto. Pa makatani ndinawerama kuti ndimange chingwe cha nsapato, ngakhale nsapato zanga zilibe zingwe. Mlonda wa pakhomo anandifunsa risiti, ndinamuonetsa manja. Panja inandilandira mphepo ya kuno ija yovula anthu zipewa. Geti lamagetsi linatseguka lokha, n'kutsekeka lokha kumbuyo kwanga. Palibe anandiitana. Nditacheuka ndinapeza kuti ngakhale katundu amene ndimagulitsayo sanandilondole.

Pamenepo ndinazindikira chimene ndachita. M'maganizo ndinaona epuloni. Ndinaona galu wa ku Table View akukoka mlamu wanga mumchenga, dipuloma ili m'sutikesi, ndiponso nkhope ya mkazi wanga ndikumufotokozera mmene zayendera. Ndinadina batani la pageti.

"Ndani?" kanafunsa kabokosi kolankhula.

"Kasitomala," ndinayankha ndi mawu aang'ono.

Nditalowa ndinawapeza onse awiri ataima kuseri kwa kauntala, akundidikira. Mayi uja analankhula ndi mlamu wanga, chala chikuloza ine.

"Mtsikana, mapepala ako ndawaona, ali bwino. Koma mapepala aliyense ali nawo. Bambo uyu wandithawitsira makalaliki. Akabwera, mzere umafika panja. Mugulitse mabulangete. Akatuluka muno ndi risiti tisanatseke, ubwere Lolemba."

Ndiye taonani pamene ndinaima. Ndikapambana, mlamu avala epuloni. Ndikagonja, mbiri yanga ya pa renki yapita. Ndinaganiza zogonja mwadala, mwaulemu, kuti pambuyo pake ndizidzanena kuti ndinamusiyira. Koma nditangogwira bulangete loyamba, pakamwa panachita zake.

"Lopyapyala ili. Ndikuona dzuwa mbali inayo."

"Takulandirani, bambo," anatero mlamu wanga ndi mawu ngati a pa wailesi. Bambo! Munthu amene m'mawa womwewo anandibisira shuga. "Kodi mumagulitsa kwa anthu otani?"

Panalibe kalaliki amene anandifunsapo funso. Ndinayankha ndisanaganize: amayi opita kumudzi pa tchuthi, ndi amuna ofika kumene amene akugona pa simenti kwa achibale.

"Ndiye opyapyalawo ndi amene mukufuna ambiri. Amalowa m'chikwama, ndipo pa basi salemera. Okhuthala mutengeko ochepa, a ogona pa simentiwo."

Zinali zoona, ndipo zinandikwiyitsa. Atatchula mtengo ndinaseka kuseka kwanga kodziwika kuja. Anandidikira mpaka ndinamaliza, ngati mmene umadikirira ndege kuti idutse kaye.

"Ndikumvetsa nkhawa yanu, bambo," anatero.

Mawu amenewa anawaphunzira chaka chachiwiri, ndinamumvapo akuyeserera pagalasi la kubafa. Ndinali ndisanadziwe kuti ndi oopsa chotere. Munthu akakumvetsa, umamuyankha chiyani?  Ndiye ndinachita chokhacho chimene chinatsala. Inde, ndinanyamukanso.

"Zikomo potiyendera, muyende bwino," anatero kumbuyo kwanga. "Geti mwalidziwa kale."

Mayi uja anatsokomolera m'kapu ya tiyi.

Ulendo uno ndinangofika pa makatani. Sindinavutikenso ndi za chingwe cha nsapato. Ndinabwerera n'kutsamira pa kauntala ngati munthu amene anangopita kukaona mitundu ya nsalu.

"Chabwino," ndinatero. "Ingondipatsani mtengo wanga wa masiku onse uja."

"Mtengo wako?" anatero mayiyo akuvala magalasi. "Malawi, tikakuona ukulowa pageti timakweza. Umalimbana nafe mpaka thukuta, n'kufika pa mtengo umene aliyense amalipira osatsegula pakamwa."

Zaka zonsezo ndinkatuluka m'sitolo imeneyo ndikuimba mluzu. Ndinkafika pa renki n'kumauza anzanga kuti lero ndawaliritsa a ku Brackenfell. Mlonda uja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Anandipulumutsa ndi mlamu yemweyo. Anasuzumira pa kompyuta, anafunsa mayiyo kanthu, kenako anandifotokozera kuti wogula belo lathunthu amamutsitsira ndithu, ndipo n'za aliyense, zosafuna kuseka kapena kunyamuka. Ine belo ndinali ndisanagulepo. Ndinkakonda kulimbana ndi bulangete lililonse palokha, chifukwa kukoma kwake kunali kumeneko. Tsikulo ndinagula belo. Makina analira, risiti inatuluka, ndinailandira ndi manja awiri ngati chikalata cha ku khoti.

"Lolemba," anatero mayi uja kwa mlamu wanga. "Ndipo Loweruka timalipira. Za basela abwerere nazo mlamu wakoyu."

M'tekisi yobwerera belo linakhala pampando wakewake, ndipo woyendetsa anandilipiritsa ngati munthu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinenerere, mlamu wanga anangondiyang'ana, ndinatseka. Kunyumba anafotokoza zonse, osasiyako ngakhale za nsapato. Mkazi wanga anaseka mpaka anakhala pansi, kenako anaimirira n'kundikalipira, kenako anasekanso. M'mawa mwake anakauza anansi a abwana ake kuti afune wina woyendetsa galu.

Mlamu wanga akadali pa kauntala ija, ndipo tsopano amuwonjezera ntchito yoitanitsa katundu. Ine ndimapitabe. Amandilonjera kuti bambo, amatchula mtengo, ndimalipira, ndimatuluka tiyi wake asanazizire. Ndisaname, mabulangete ndimawapeza motchipa kuposa kale. Koma kukoma kunatha. Ndimafika pageti ndili ndi mawu ambiri osagwiritsa ntchito, moti ndimakawathera kwa mayi wa tomato pa renki, amene sanandilakwire chilichonse.

Anzanga ndimawauza kuti ntchitoyo ndinamupezera ndine, chifukwa pakanapanda kasitomala wovuta mayeso akanachokera kuti? Mlamu wanga amati anamupezera ndi aphunzitsi ake a chaka chachiwiri, ine ndinali chabe funso la pa mayeso. Mkazi wanga amati mwa tonse amene tinali ku Brackenfell tsiku limenelo, wanzeru linali geti, chifukwa linanditsekera panja. Mayi wa magalasi yena anapeza kalaliki ndipo anandigulitsa belo tsiku limodzi.

Epuloni sinavalidwe, mabulangete anatsika mtengo, ine ndiye sindiimbanso mluzu. Inu amene mwamva nkhani yonseyi, tandiuzani mosakondera: anapambana ndani?