A Firiji ndi Khomo la Kuseri

Pa zaka makumi atatu ndi zinayi zimene a Firiji anakhala akukonza mafiriji, panalibe bala m'dera lawo imene sanalowemo, koma panalibenso bala imene ankaidziwa kutsogolo kwake. Munthu wa zida salowera kutsogolo. Amamulozera kuseri, kumene kuli makireti, zidebe ndi madzi otsukira matambula, ngati kuti sipanala imawawitsa mowa. Eni mabala ambiri dzina lawo lenileni sankalidziwa n'komwe. Ankangoti, "Itanani a Firiji," ndipo ena opanda mwambo, ana obadwa dzulodzuloli, ankachita kuti "uja wa firiji uja." Dzinalo linakakamira mpaka mwana wawo yemwe analilemba chomwecho mufoni.

Koma khutu la bambo ameneyu linali lodabwitsa. Ankaima pakhomo, chikwama cha zida chili m'manja, n'kupendeketsa mutu pang'ono ngati nkhuku yamva mphamba. Asanakhudze kanthu ankanena kuti, "Fani yagwira fumbi," kapena, "Gasi akuthawira papaipi ya pansi," ndipo akatsegula zinkakhaladi zomwezo. Amisiri a masiku ano amabwera ndi timakina tothwanima, amayeza tsiku lonse, mapeto ake n'kukuuzani kuti mugule ina. A Firiji ankangoika chikhatho pambali pa firiji monga mmene mayi amagwirira mwana pamphumi, n'kudziwa ngati ichira kapena ayi.

Pakamwa ndiye panali polemera. Chimwalirireni akazi awo, mawu ochepa amene anali nawo anacheperachepera, moti tsiku linkatha atangolankhula ndi makompresa a mafiriji okha.

Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi kashopu kawo, kunali mayi wina wamasiye amene ankasoka pakhonde. Onse ankawatchula kuti a Telala. Khutu lawo lakumanzere linatha kalekale ndi makina a kufakitale kumene ankagwira ntchito ali mtsikana. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi awiriwa ankapatsana moni m'mawa ndi madzulo, ndipo mabatani a ovololo ya a Firiji ankathothoka pafupipafupi modabwitsa. A Telala ankawasokerera osafunsa, ngakhale ankaona bwinobwino kuti ulusiwo wachita kudulidwa ndi pulayala.

Lolemba lina, akudula ulusi ndi mano, a Telala anati, "Mwana wanga wamkulu akubwera Loweruka ndi lole. Akuti ndakalamba, ndizikakhala kwawo ndizikalera adzukulu."

A Firiji anaima chiimire, ovololo ili m'manja.

"Mayi, ndili ndi mawu."

"Mwati bwanji?" Pamsewu pankadutsa basi.

"Ndati ndili ndi mawu!"

"Zaka zonsezi mawuwo munali kuwasunga mufiriji? Pamsewu pano ine sindimva. Munditengere pamalo poti munthu n'kukhala pansi ngati munthu, Lachisanu madzulo. Mukalephera, Loweruka mudzandithandize kukweza makinawa mulole."

Deralo linali lachete, la nyumba za mipanda, agalu onenepa ndi mitengo italiitali m'mbali mwa misewu. Mabala analipo asanu okha. Mwana wawo wamkazi atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira khoma.

"Adadi, inuyo? Kokacheza ndi chibwenzi?"

"Usandilankhule zachibwana. Ndikufuna malo."

Mwanayo anatulutsa foni. "Iyi anthu aipatsa nyenyezi zisanu. Akuti ndi yapamwamba."

"Ili pafupi ndi pomwetsera mafuta ija? Kumbuyo kwa firiji yawo kuli mphemvu zoti n'kudzaza chidebe. Nyama imasungunuka n'kuumanso katatu pa sabata."

"Nanga iyi? Zinayi."

"Anaika sipika pamwamba pa firiji. Mabotolo amachita kuvina m'katimo."

Ndipo ankanena zoona. Sizikudziwika kuti ndani anauza anthu kuti mowa sulowa popanda phokoso. Munthu walipira mpando, wabwera ndi mnzake woti alankhule naye, koma akuchita kukuwa ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje. Kenako omwewo, makutu akulira, amapita kunyumba n'kukagawa nyenyezi pafoni, asanaonepo ngakhale kamodzi chimene chili kuseri kwa chitseko cha kukhitchini.

A Firiji anafufuza mwa njira yawo. Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi, dzuwa likamalowa, ankapita kuseri kwa bala iliyonse n'kuima pafupi ndi makireti, mutu atapendeketsa. Anayi anagwa. Inatsala imodzi, ya kumapeto kwa msewu wa mitengo, ya mayi wina wachikulire amene anthu ankangomuti Adona. Ataima kuseri kwake sanamve ng'oma kapena kukuwa, anangomva firiji yaikulu ya m'kachipinda ka kuseri kwa kauntala ikung'ung'udza pansipansi ngati munthu wokhuta. Firijiyo inali yakale kuposa mwana wawo, ndipo Adona ankaikoka Lamulungu lililonse n'kuipukuta kumbuyo. A Firiji anaganiza kuti munthu wopukuta malo amene mlendo sadzaonako sangakupatseni tambula yakuda.

Lachisanu anavala jekete, nsapato atapolisha mpaka kuoneka nkhope. A Telala anatuluka atavala diresi yobiriwira imene anasoka okha sabata yomweyo, nsapato za gogoda kumapazi, kachikwama kukhwapa. A Firiji anawayang'ana kamodzi, n'kuuyamba ulendo. Njira yonse ankabwereza mumtima mawu amene anakonza, ndipo mutu uli pamawuwo, mapazi anachita zimene anazolowera. Anapitirira geti la bala ya Adona, n'kukhotera m'kanjira ka pakati pa mipanda, kudutsa mabini, kudumpha paipi ya madzi, kuzungulira mulu wa makireti. Anakankha chitseko chachitsulo cha kuseri n'kunena mwa masiku onse, "Odi kuno!"

Adona anali pathebulo la kukhitchini akudula mandimu.

"A Firiji! Wakuitanani ndani? Sinawonongeketu."

Kenako anaona mayi wa diresi yobiriwira ataima pakhomo, nsapato imodzi ili m'chithaphwi cha madzi otsukira matambula. Mpeni unaima m'malere.

A Telala sanakweze mawu. "Bambo, ine ndinakwatiwa masana, anthu akuona. Ndalera ana anayi. Mkazi wolowetsedwa kuseri ndikumudziwa, ndi uja mwamuna safuna kuti anthu amuone naye. Ngati mukuchita nane manyazi, musavutike. Lole ikubwera mawa."

A Firiji anatembenuka. Anayang'ana makireti, anayang'ana chidebe, ngati akuziona koyamba.

"Kwinako sindikudziwako," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Kutsogolo. Sindinalowereko."

"Pano pokha?"

"Paliponse."

Adona anaika mpeni pansi. "Akunena zoona, mayi. Zaka makumi awiri akubwera pano, kauntala yanga sanaionepo. Ndipo inenso sindinawauzepo kuti taloweraniko uku. Manyaziwo ndi anga."

A Telala anatulutsa phazi m'chithaphwi muja. Kenako anapukuta nsapato ija pakatoni, n'kukonza kachikwama kukhwapa.

"Tiyeni titulukenso. Koma ulendo uno nditsogolera ndine."

Anabwerera m'kanjira kaja mpaka kumsewu. Pageti a Telala anakolowetsa dzanja lawo pamkono wa a Firiji, ndipo analowa pang'onopang'ono ngati anthu amene alibe chowathamangitsa.

A Firiji anaima pakhomo. Nyumba imene ankaidziwa ngati khoma lakuda ndi utsi ndi mawaya olendewera, kutsogolo kwake kunali kabwalo ka timiyala toyera, nyale zing'onozing'ono zili lendelende m'nthambi za mtengo. M'kati munali kauntala yathabwa yopukutidwa mpaka kunyezimira ngati madzi. Kumbuyo kwake mabotolo anandandalikidwa, kuwala kukudutsamo, obiriwira, ofiirira, ena ngati uchi. Anthu anakhala awiriawiri, mitu itayandikana, ndipo nyimbo inkamveka patali ngati ya kwa aneba. Koma chimene chinawagwira mtima chinali china. Pathebulo lililonse panali botolo lochita mame kunja, timadontho tikutsetsereka. Bambo wina wotopa, tayi atamasula, ananyamula lake n'kuligunditsa patsaya, maso atatseka. Zaka zonsezi a Firiji ankapanga kuzizira n'kukusiya kuseri, osadziwa kumene kumathera. Tsopano anakuona kuli m'manja mwa anthu.

"Mwaima ngati mwaona mzukwa," a Telala ananong'ona. "Yendani, anthu akutiyang'ana."

Adona anatulukira kukauntala atavala epuloni ina yoyera. "Takulandirani, bwana. Takulandirani, mayi. Mukhala pati?"

Anasankha thebulo la pakona, ndipo a Firiji anakhala kudzanja lamanja la a Telala, kumene kunali khutu labwino. Panabwera tambula ya vinyo ndi botolo limodzi lozizira. A Firiji analigwira ndi manja awiri, anamwa pang'ono, anatsokomola.

"Mayi, mawu aja…"

Pomwepo kuseri kwa kauntala kunamveka kaphokoso kakang'ono. Thi. Kung'ung'udza pang'ono, kenako thi. M'chipinda monsemo panalibe wina anamva, ngakhale Adona amene anaima pafupi. Koma a Firiji anadziwa. Kompresa, injini ya firiji ija, inkayesa kudzuka n'kulephera, ndipo ikayesa chomwecho kangapo ipsa. Ya mtundu umenewo anasiya kupanga kalekale. Ikapsa, firiji imene anaisunga ndi moyo zaka makumi awiri ikhala kabati ya mabotolo.

Thi.

Mutu wawo unapendekeka wokha. Mawondo anayamba kuwongoka.

"Mutu mwapendeketsawo ndikuudziwa," a Telala anatero, akuzunguza tambula pathebulo. "Ndimauona tsiku ndi tsiku ndili pakhonde. Pitani kwa wodwala wanu. Ine ndimaliza vinyoyu ndizipita, ndikamange katundu."

A Firiji anali ataimirira theka. Ankadziwa kuti ndi ntchito ya maola awiri, chagada pasimenti, jekete ili pamsomali. Anayang'ana chitseko cha kukachipinda kaja, anayang'ana diresi yobiriwira. Kenako anakhalanso pansi, n'kukweza dzanja monga anaonera bambo wa tayi uja akuchitira.

Adona anabwera. "Tiwonjezere, bwana?"

"Firiji yanu ikudwala. Kaithimitseni pakhoma pompano, musachedwe. Chitseko musamatsegule pafupipafupi, mowa ukhalabe wozizira mpaka mutseke. Ndidzaiona mawa."

"Mawa nthawi yanji?"

"Sindikudziwa. Zitengera mayiwa."

Adona anathamanga. Patapita kamphindi kung'ung'udza kuja kunaleka, ndipo kwa a Firiji chipindacho chinakhala zii kuposa malo alionse amene anakhalamo chiyambireni ntchito. Panalibenso choti amvetsere. Mawu onse okongola amene anakonza m'njira anali atathawa, choncho ananena amene anatsala.

"Musakwere lole ija. Kwathu kuli malo, makina anu akwana pawindo. Ndikunena za ukwati, osati zina. Ndikufuna ndikukwatireni."

A Telala anaika dzanja kukhutu. "Mwati bwanji?"

"Ndati ndikufuna ndikukwatireni."

"Kwezani mawu, bambo, mukudziwa vuto langa."

"Ndikufuna ndikukwatireni!"

Mitu yonse inatembenuka. Bambo wa tayi anatsitsa botolo. Kukauntala Adona anagwira pakamwa ndi epuloni.

"Ndinamva poyamba pomwe," a Telala anatero, akumwa vinyo wawo mosapupuluma. "Ndimafuna awa amve nawo."

Wina anaomba m'manja, ena n'kutsatira, koma a Telala anali akupisa kale m'kachikwama. Anatulutsa foni, anadina, n'kuikankhira patsogolo pa a Firiji.

"Musasekerere msanga. Mwana wangayo ndi wouma mutu ngati malemu bambo ake, ndipo chipinda wandikonzera kale. Ine sindimuuza. Mumuuze nokha."

Foni inaitana kawiri. Kenako kunamveka mawu aakulu a mwamuna: "Halo, amayi?"

A Firiji anainyamula mosamala, chikhatho chikadali chonyowa ndi mame a botolo, n'kuiika kukhutu.

"Si mayi anu ayi, bambo. Mayi anu ali pompano, ali bwinobwino. Ndimati ndifunse kaye, lole ija mwathira kale mafuta?"